Kuona Maso a Nkhono N'kudekha

Makolo ankamanga ng'anjo kutali ndi mudzi, ndipo zotsalira zake zikuonekabe ku Kasungu ndi ku Nyika. Osungunula chitsulo ankadika, osalowa m'nyumba kufikira ntchito itatha. Ena lero amauseka mwambowu, komatu unkamuphunzitsa munthu kuti moto waukulu sauyandikira ndi phuma. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mmisiri wina wachikulire, wosula mphete ndi zibangili kuseri kwa msika, ankaphunzitsa ntchito mwana wa mlongo wake. Tsiku lina kudabwera mayi atafumbata kansalu. M'menemo mudali ndolo zothyoka ndi kachibangili ka siliva, zokhazo zimene malemu amayi ake adamusiyira. Ankafuna kuti zisanduke mphete ya ukwati wa mwana wake.

Mkuluyo adayamba wadutsitsa maginito kuti tizitsulo tichoke. Adadulanso malo onse amene adaotcheredwapo kale, pakuti zolumikizira zina zakale zimakhala ndi cadmium, ndipo utsi wake umaononga mapapo. N'chifukwa chake ankagwirira ntchito pakhonde, mphepo ikumuomba kumsana. Kenaka adaika siliva m'kambiya kosungunulira, nawazamo borax kuti zonyansa ziyandame. Siliva weniweni amasungunuka pa madigiri 962, golide pa 1,064, choncho mnyamatayo adakhetsa thukuta pamvukuto.

Podikira, mnyamata uja adaona chikombole chada ndi mwaye. Adachitsuka ndi madzi n'kuchipukuta, osadziwa kuti mwayewo adaupaka dala kuti siliva asamatirire. Atagwira mbaniro kuti atsanule, mkuluyo adamugwira mkono.

"Iwe, chikombolecho wachiotcha?"

"Chauma kale, amalume."

"Chauma m'maso mwakomo."

Adachiika pamakala, ndipo posakhalitsa kanthunzi kadatuluka m'ngodya zake. Dontho la madzi likakumana ndi siliva wosungunuka limasanduka nthunzi nthawi yomweyo, yofuna malo oposa ka 1,000, ndipo chitsulo chamoto chimathovokera kumaso. Maso sagula pamsika. Siliva wa malemu akamwazikira m'phulusa, mayi uja akadauzidwa chiyani? Mkuluyo sadakalipe. Adangopinda malaya, naonetsa chipsera choyererako chochokera pachigongono kufika padzanja.

Adapakanso mwaye, natenthetsa chikombole mpaka chosagwirika, n'kuvala magalasi otchinga maso. Mbaniro adazibwezera kwa mnyamatayo. Manja ankanjenjemera, koma siliva adatsika bwinobwino, nakhala phee. Mayi uja adadzatenga mphete yake Lachisanu.