Kufunafuna Nyutulo pa Khwekhwerere

Msewu wa M1 ukachoka m'tauni ya Dedza kulowera ku Ntcheu umayenda m'malire a Malawi ndi Mozambique. Kudzanja lamanja kuli Angónia, m'chigawo cha Tete, ndipo kumanzere kuli minda ya kachewere, kabichi ndi nyemba. Anthu a mbali ziwirizi amamvana chinenero, amakumana m'misika ndiponso amakwatirana. Pa Masasa pali mphambano. Msewu wokhotera kum'mawa umadutsa pa Mganja n'kutsetsereka phiri mpaka kukafika ku Golomoti. Umenewu ndiwo anthu amautcha Khwekhwerere.

Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita osakwana 500. Choncho munthu amanyamuka atavala juzi, koma asanathe ola limodzi amakhala akupukuta thukuta pansi pa mlambe.

M'mawa wina m'mwezi wa Okutobala, mlangizi wa ziweto ananyamuka pamtunda paja pa njinga yamoto ya kuntchito. Kumbuyo anamangirira kabokosi kozizira, m'mene munali katemera wa chitopa wotchedwa I-2, wodonthezera m'diso la nkhuku. Nyengo yotentha ndiyo imene chitopa chimasesa makola, ndipo amayi a kalabu ina kuchigwa anali atauzidwa kuti asatsegulire nkhuku zawo tsiku limenelo.

Vuto linaonekera pa Mganja, pamene amisiri amayala m'mbali mwa msewu timagalimoto ndi tinjinga tosema ndi mtengo. Mlangiziyo anaima kuti apereke moni kwa mlimi wina. Anafinya klatchi n'kuyamba kufuna nyutulo, imene ena amaitcha fili. Akanyamula phazi, giya inkadumpha kuchoka pa 1 n'kukagwera pa 2. Akaponda, inkabwerera pa 1 ndi phokoso. Kanyali kobiriwira sikanayake. Njinga nayo inkafuna kukwawira kutsogolo ngakhale klatchi inali yofinyidwa mpaka kumapeto, ndipo pang'onong'ono ikanagunda dengu la matimati la mayi wina. Atazimitsa injini, nyutulo inalowa kamodzi n'kamodzi.

Pokhotakhota pa Khwekhwerere, chigwa chonse chimaoneka ngati mphasa yoyalidwa, ndipo kukakhala kopanda utsi wa lupsa nyanja imanyezimira chapatali. Koma woyendetsa alibe mpata wogoma ndi zimenezi. Msewu umakhota mwadzidzidzi, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho, ndipo pakona amatulukira anyamata okankha njinga zodzaza matumba a makala. Apa ena amazimitsa injini n'kutsika pa nyutulo kuti apulumutse petulo. Kutero n'kuika moyo pachiswe, popeza kulemera konse kumatsalira mabuleki okha, amene akatentha amaleka kugwira. Mlangizi uja anatsika pa giya yachiwiri, injini ikuthandiza kubweza njinga, koma m'mtima ankaopa kuti pena pake adzafunika kuima mwadzidzidzi njinga n'kukana.

Golomoti ndi malo otentha, a milambe ndi minda ya thonje, pamene msewu wochokera kuphiri umakumana ndi wa M5 wolowera ku Salima ndi ku Balaka. Njanji nayo imadutsa pomwepo. Chakumpoto kuli Mua, kumene ansembe a White Fathers anatsegula mishoni mu 1902, ndipo kuyambira mu 2022 pafupi ndi Golomoti pali malo opangira magetsi a dzuwa okwana mamegawati 20. Pamsika, pansi pa mtengo, panali makaniko wachikulire atazunguliridwa ndi njinga za kabaza.

"Alangizi, mukazimitsa injini nyutulo ikulowa?" anafunsa mkuluyo asanagwire n'komwe sipanala.

"Ikulowa bwinobwino, bambo. Koma ikamalira ndiye ayi."

"Basitu giya zanu zilibe mlandu. Klatchi ndiyo sikumasula."

Zimene mkuluyo anafotokoza n'zoyenera kuti aliyense woyenda pa njinga yamoto azidziwe. Pa njinga zambiri nyutulo ili pakati pa giya yoyamba ndi yachiwiri, ndipo kampata kake n'kakang'ono, theka chabe la kuponda kwa nthawi zonse. Klatchi ndi mbale zingapo zosanjikizana zimene zimasambira mu oyilo wa injini. Munthu akafinya chogwirira, kebulo imakoka kuti mbalezo zitalikirane, mphamvu ya injini isafike ku magiya. Zikapanda kutalikirana mokwanira, zimakhulana, ndipo injini imapitiriza kukankha magiya pang'ono. Mano a giya amakhala atapanikizana, phazi limafunika mphamvu kuti liwalekanitse, ndipo mphamvu yomweyo ndiyo imalumphitsa nyutulo. Injini ikazima, kukankhako kumatha.

Chimene chimayambitsa zimenezi kawirikawiri ndi kebulo yokhwepa. Ikakalamba imatamuka, ndipo chogwirira chimayenda mtunda wautali chisanayambe kukoka. Mabuku a njinga zambiri zazing'ono amati kumapeto kwa chogwirira kuzisewera mamilimita 10 mpaka 20 okha. Mkuluyo anayeza ndi chala n'kupeza kuti pa njinga ya mlangizi panali posewera pafupifupi kawiri kuposa pamenepo. Anamasula kanati kotsekera pafupi ndi chogwirira, n'kupotokola chosinthira kuti kebulo ikungike, kenaka n'kumanganso. Anachenjeza kuti kukungitsa mopitirira n'kulakwanso, chifukwa klatchi imayamba kuterera pokwera phiri ndipo mbale zimapsa.

Chachiwiri ndi oyilo. Wakale, wakuda kapena wolimba kwambiri amamatiriza mbale, makamaka m'mawa wozizira ngati wa ku Dedza, injini isanatenthe. Oyilo wothira m'mabotolo osalembedwa, amene amagulitsidwa m'misika, palibe amene angadziwe kuti ndi wotani. Woyenera ndi wa njinga zamoto, wolembedwa JASO MA pachigubu, wa mlingo umene buku la njingayo likunena. Chachitatu ndi injini yolira mokweza kwambiri njinga ili chiimire. Zitatuzi zikakonzedwa vuto n'kupitirira, ndiye kuti mbale zachitsulo zapindika ndi kutentha kapena dengu losungamo mbalezo lakumbika mizere, ndipo pamenepo pafunika kutsegula injini ndi kugula zipangizo.

Pomaliza mkuluyo anamuonetsa mmene angachitire ali kutali ndi makaniko: kufuna nyutulo njinga ikadali kuyenda pang'onopang'ono, kuchokera pa giya yachiwiri, n'kugunda mopepuka ndi nsonga ya phazi. Ikakhala itaima kale, kuikankhira patsogolo ndi pambuyo pang'ono kumamasula mano a giya. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumenya ndi chidendene kumangopinda zitsulo za m'kati.

M'mayiko a kuno kum'mwera kwa Africa, alangizi a zaulimi, azaumoyo a m'midzi ndi ogwira ntchito m'mabungwe ambiri amadalira njinga yamoto kuti afike kumene galimoto silifika. Bungwe la Riders for Health, limene lagwirapo ntchito ku Lesotho, Zimbabwe ndi Zambia, linamanga ntchito yake pa mfundo yoti wokwera aziyendera njinga yake tsiku lililonse asananyamuke, m'malo modikira kuti ife. Kuona oyilo, tcheni, mabuleki, matayala ndi kusewera kwa klatchi kumatenga mphindi zochepa. Mlangizi uja anavomera kuti anali atamva kulimba kwa giya kwa milungu itatu, koma ankati adzanena likadzakwana tsiku la sevisi.

Ntchito yonse inatha m'kanthawi kosakwana theka la ola, ndipo mtengo wake sunapose wa lita imodzi ya petulo. Komabe dzuwa linali litafika kale paliwombo pamene anafika kumudzi kuja. Amayi ena anali atatopa ndi kudikira n'kutsegulira nkhuku zawo, ndipo zinali zitabalalika m'tchire. Amene anapirira anali pansi pa mtengo wa mango ndi zitete zawo. Mlangizi anaima pabwalo, n'kugunda giya kamodzi, kanyali kobiriwira n'kuyaka. Anatsegula kabokosi n'kuyamba kudontheza katemera, diso limodzi pa nkhuku iliyonse. Kwa amayi amene nkhuku zawo zinathawa anapangana nawo kuti adzabweranso Lachisanu m'mamawa, makola asanatsegulidwe.