Denga la nsalu pa chipata cha Mchinji

Msewu wa M12 wochoka ku Lilongwe kukafika paboma la Mchinji ndi wa makilomita pafupifupi 110, ndipo m'mwezi wa Januwale n'kovuta kuumaliza osakumana ndi mvula penapake. Tinanyamuka padepoti dzuwa likuswa mtengo, koma titangodutsa pa Chitedze kumadzulo kunayamba kuda. Pa Msundwe inawaza pang'ono. Pa Namitete inatsika yeniyeni, kondakitala n'kuyamba kutseka ndi chigamba cha katoni zenera limene galasi lake linasweka kalekale.

Ife a m'minibasi tinali ndi mwayi. Patsogolo pathu panali lole yaing'ono itasenza matumba a feteleza, atawafunditsa lona latsopano la buluu, lomangidwa bwino ndi mphira mbali zonse. Pamwamba pa lonalo panakhala anthu: amayi awiri, wina ali ndi mwana kumbuyo, bambo wachikulire ndi anyamata angapo. Amayiwo anadzifunditsa chitenje chimodzi, bamboyo anavala jumbo kumutu. Tinawatsata mpaka pa Kamwendo, madzi akuchucha m'zigongono mwawo, fetelezayo ali gwa, wouma. M'minibasi simunamveke wodabwa ngakhale mmodzi. Tinazolowera kuti lona ndi la katundu.

Ulendo wanga unali wa kwa azakhali, mbali ya kwa Mkanda, koma ndinayenera kuyamba ndafika kumalire kukalandira katundu amene msuweni wanga wa ku Chipata anabwera naye. Kuchoka paboma kukafika pachipata pali makilomita ngati 12. Ndinakwera kabaza wa njinga yamoto. Mnyamatayo anamangirira ambulera yaitali pachitsulo cha kutsogolo, yofika mpaka kwa wokwera kumbuyo, monga amachitira a boda-boda ku Uganda ndi ku Kenya. Mvula ikamangowaza imathandizadi. Koma lole yaikulu itatidutsa, mphepo yake inalowa pansi pa ambulerayo, njinga n'kupepesukira kumphepete kwa msewu. Ndinamupempha kuti tiyende pang'onopang'ono, ndipo anamvera.

Amene anadutsa pano zaka khumi zapitazo sangapazindikire. Kale munthu unkadinditsa ku Mchinji, n'kuyendanso kukadinditsa ku Mwami. Chipata chatsopano, chimene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira mu Disembala 2022, chinasonkhanitsa ogwira ntchito a Malawi ndi a Zambia kuti wapaulendo aziima kamodzi kokha. Malole amafuta ndi a simenti amandandalikabe, osintha ndalama amakuthamangirabe ndi mipukutu ya makwacha a mbali zonse ziwiri, koma tsopano pali khonde loti munthu n'kubisalapo.

Ndili pakhondepo ndinaona kagalimoto kamene kanandichedwetsa mpaka masana. Kanali kofiira, kafupi ngati kakukwawa, ka mipando iwiri yokha, kopanda denga, kokhala ndi nambala ya ku South Africa. Anyamata osintha ndalama anasiya malonda n'kukazungulira. Eni ake anali bambo ndi mayi achikulire, ochokera ku Lusaka pa Great East Road, akupita kunyanja. Mayiyo anali m'kati kulongosola mapepala olowetsera galimoto m'dziko ndi a inshulansi, bamboyo akuyang'ana mitambo imene inkatsetsereka kuchokera kumapiri a Mchinji. Ndinawapatsa moni, iwo n'kuyamba kundifotokozera mokondwa, monga amachitira munthu aliyense ukamufunsa za chinthu chimene amachikonda.

Galimotoyo inali MGB. Inkapangidwa ku Abingdon, ku England, kuyambira 1962 mpaka 1980, ndipo zinapangidwa zoposa 500,000. Anthu a kwawoko, dziko la mvula yosatha, anakonda kwambiri galimoto zopanda denga, choncho anaganizira mofatsa za njira zodzitetezera.

Yoyamba anandionetsa ndi manja. Kumbuyo kwa mipando anatukula tizitsulo topindika, n'kukokera nsalu yakuda kutsogolo, n'kuikola pamwamba pa galasi ndi zokowera ziwiri, kenako n'kumadina mabatani m'mbali. Anati pa MGB zoyambirira ntchitoyi inali yaikulu: zitsulo zinkasungidwa padera m'buti, nsalu padera, ndipo mvula ikakudzidzimutsa unkanyowa usanathe kulumikiza. Nsalu zake zilipo za mitundumitundu. Ya pulasitiki, imene amati vinyl, njotsika mtengo ndipo sivuta kutsuka, koma kukazizira imauma n'kufupika, moti ukaikoka mwamphamvu imang'ambika pamabatani. Ina ndi ya thonje lolukidwa kawiri, pakati pali mphira. Yodula kwambiri amaitcha mohair. Zenera la kumbuyo ndi la pulasitiki yoonekera, ndipo dzuwa la kuno ndilo mdani wake: imayamba chikasu, kenako imachita ming'alu. Lamulo lawo lalikulu n'lakuti nsalu yonyowa saipinda. Ukaipinda imachita chuku, ulusi n'kuola.

Atatchula za chuku ndinamva ngati akulankhula mlimi wa kwathu. Mchinji ndi dziko la mtedza, ndipo aliyense kuno amadziwa kuti thumba la mtedza likalowa chinyontho ndiye kuti latayika, wogula salifunanso.

Njira yachiwiri ndiyo inandisangalatsa koposa. Amaitcha tonneau cover. Ndi chinsalu chophwatalala chimene chimavindikira mipando yonse kuchokera pagalasi mpaka kumbuyo, chokhala ndi zipi pakati. Galimoto ikaima, umatseka chonse, mipando sinyowa, siotcha ndi dzuwa, ndipo fumbi sililowa. Ukamayenda wekha umatsegula mbali ya dalaivala yokha, mbali inayo ili chitsekere, kutentha kochokera kuinjini n'kumakufunditsa miyendo. Bamboyo anati mvula ikakhala yowaza ndipo msewu uli wabwino, galasi la kutsogolo limaponya madontho pamwamba pa mutu, munthu osanyowa kwenikweni. Ukangoima pa rodibuloko, basi, yakupeza.

Palinso denga lolimba lochita kumangirira ndi mabawuti, limene ena amaika nyengo yozizira n'kulichotsa chilimwe. Limafuna anthu awiri kulinyamula, ndipo paulendo wautali ngati wawowu sungalivule panjira chifukwa palibe polisiya. Amene anatopa nazo zonsezi ankagula MGB GT, ya denga lachitsulo, imene inatuluka mu 1965. Anandiuzanso kuti galimoto zakale kuposa yawoyi, monga MGA ndi Triumph TR3 za m'ma 1950, zinalibe n'komwe magalasi okweza m'zitseko. Zinali ndi timafelemu tokhala ndi mazenera a pulasitiki, tochita kuzika pachitseko mvula ikayamba, ndipo madzi ankapezabe polowera.

Mvula inafikadi tili pomwepo. Ndinaima pafupi n'kumaona madzi akutsetsereka pansalu ija, kadontho kamodzikamodzi kakulowa pakona ya galasi. Mayi aja atatuluka anatenga kathawulo kamene amasungira ntchito yomweyo n'kuika pabondo. Anatsazika, nalunjika ku Lilongwe.

Sindikuwachitira nsanje anthu amenewa. Anasamala chinthu chakale mpaka chikuyendabe, ndipo ndimalemekeza aliyense wotero. Ifenso galimoto zopanda denga si zachilendo kwa ife. Land Rover yoyamba, ya mu 1948, inali ya denga la lona, ndipo akuluakulu amakumbukira zoterezi zikuyenda m'misewu ya kuno, dzina la Fort Manning lisanasinthe kukhala Mchinji. Ngakhale atsogoleri athu, kuyambira pa Kamuzu, akhala akuimirira pa galimoto yopanda denga pa zochitika za boma. Koma onsewa amachita kusankha, ndipo mitambo ikada ali ndi pothawira. Amayi a pa lole ya feteleza aja sanasankhe.

Madzulo ake ndinalawa ndekha. Paboma ndinapeza pikapu yopita kumbali ya kwa azakhali, ya matola. Tinakwera anthu ochuluka, pamodzi ndi matumba a ufa, makatoni a sopo, njinga yakapalasa ndi malata angapo. Titasiya tala, mvula inabweranso. Dalaivala anaima, mnyamata wake n'kutulutsa lona lakale lobookabooka. Linali limodzi, ndipo linayamba lafunditsidwa ufa ndi sopo. Kansonga kotsala ndiko tinalimbirana.

"Amayi, sunthirani kuno, mwanayo alowe pansi," anatero bambo wina amene anakhala pafupi nane, iye n'kutulukira pamvula.

Agogo ena aakazi anakhala chete pakona, akunjenjemera. Mtsikana wina anavula juzi yake n'kuwaveka. Tonse tinagwira m'mphepete mwa lonalo ndi manja kuti lisauluke, ndipo madzi ankadikha pakati pake mpaka wina alikankhe ndi mutu, n'kukhuthukira pamsana pa amene ali kumapeto. Munthu wonyowa amene wakhala pamphepo ya galimoto yothamanga amazizidwa msanga kuposa woyenda pansi, ndipo khanda ndi nkhalamba ndiwo amayamba kufooka. Ambiri okwera matola m'dzinja sapita kokasangalala. Ndi odwala ochokera kuchipatala cha boma, amayi oyembekezera, anamfedwa operekeza maliro.

Dalaivala sindingamuweruze mopupuluma. Ufa ukanyowa amalipira iyeyo. Munthu akanyowa amangodandaula, mawa n'kukweranso, poti galimoto ina kulibe. Apolisi a pamsewu amaletsa kunyamula anthu pa galimoto za katundu, ndipo chifukwa chake n'chomveka, pakuti pikapu ikagubuduzika palibe chotchinga. Koma kumidzi yambiri minibasi sifika nyengo ya matope, ndipo anthu sadzaleka kudwala kapena kumwalira podikira kuti msewu ukonzedwe. Pamene matola akuyendabe, funso la denga silingathawidwe.

Chimene chimandipweteka n'chakuti luso lake tili nalo kale. Paboma la Mchinji, pa Kamwendo, ngakhale ku Chipata, owotcherera zitsulo ali mbwee, amene amapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi ngolo. Atelala osoka mipando ya galimoto ndi matenti a maukwati aliponso. Zimene bambo wa MGB uja anandionetsa si zamatsenga: tizitsulo topindika titatu kapena tinayi tozika m'mbali mwa bodi, nsalu yosokedwa molingana ndi tizitsuloto, zokowera zolimba, ndi mbali zotha kupindira m'mwamba kukatentha. Denga likakhala lokwera pakati, madzi sadikha. Likamangidwa pazitsulo, anthu sagwiranso ndi manja, ndipo manjawo amagwira pogwirira. Eni pikapu ena anachita kale zimenezi, ndipo ndinaonapo imodzi pamsika wa paboma, yosokedwa bwino ndi lona lobiriwira. Amayi ogulitsa tomato anali atadzaza kale m'menemo pamene zinzake zinali kuitanirabe.

Pali chenjezo limodzi limene wosoka aliyense ayenera kulidziwa. Galimoto ikamathamanga, kumbuyo kwake mphepo imazungulira n'kubwerera. Ukatseka kutsogolo ndi m'mbali monse, n'kusiya kumbuyo kokha kotsegula, utsi wa ekizozi umakokedwera m'kati momwe muli anthu. Mu utsiwo muli mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, umene suoneka ndipo sununkha. Umayamba ndi mutu ndi chizungulire, ndipo ana amangooneka ngati agona. Choncho kutsogolo kwa lona kuzisiyidwa kampata kolowera mphepo yabwino, ndipo paipi ya utsi ikhale yosabooka. Kampata komweko kamachepetsanso fumbi la m'chilimwe, limene limalowa njira yomweyo ya kumbuyo n'kufiiritsa aliyense mpaka nsidze.

Ndinafika kwa azakhali kutada, zovala zili nyowe. Anandikolezera moto m'khitchini, nandipatsa chitenje chouma ndi tiyi wotentha.

"Mwanawe, mwakwera ya ndani yopanda tenti?" anandifunsa.

Nditawafotokozera, anati iwo mvula ikayamba amadikira pikapu ya bambo wina wa m'dera lomwelo amene anaikira denga, ngakhale ichedwe mpaka madzulo. Amayi anzawo a kumpingo amachitanso chimodzimodzi. Anati mwini wakeyo ndalama ya zitsulo ndi lona anaibweza kalekale, chifukwa m'dzinja galimoto yake sinyamuka yopanda anthu.

M'mawa mwake tinakambanso za maulendo a miyambo, poti azakhaliwo saphonya Kulamba. Chaka chilichonse, kumapeto kwa Ogasiti, Achewa a ku Malawi amadutsa pachipata cha Mchinji chija kupita ku Mkaika, m'boma la Katete, kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Ambiri amapita pa malole, ndipo nthawi imeneyo vuto ndi dzuwa, fumbi ndi mphepo yozizira ya m'bandakucha. Angoni a kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu ulendo wawo ndi wa ku Mtenguleni, kufupi ndi Chipata, ku Nc'wala ya Inkosi ya Makosi Mpezeni, ndipo umachitika Loweruka lomaliza la Febuluwale, mvula ili pachimake. Makomiti okonza maulendowa amakambirana ndi mwini lole za mtengo, za mafuta ndi za nthawi yonyamukira. Ndikuwapempha kuti chaka chino, asanapereke ndalama, aone kaye ngati loleyo ili ndi zitsulo ndi lona lokwanira anthu onse, ndipo akapeza kuti ilibe, akafunse kwa mwini lole wina.