Maliro Apatukira Mkwatibwi

Mu Talmud, buku la malamulo ndi miyambo ya Ayuda, muli lamulo lakuti onyamula maliro akakumana panjira ndi gulu loperekeza mkwatibwi, maliro ndiwo apatuke. Kwa Mchewa amene anakula akuvula chipewa bokosi likamadutsa, zimenezi zimamveka ngati mwano. Telala wina wa ku Dedza, amene wasoka zovala ku Johannesburg kwa zaka zambiri, anamvetsa lamuloli pamene mayi wina wachiyuda wa ku Glenhazel anamubweretsera ntchito.

Mayiyo ankafuna diresi laukwati, koma silinali la mwana wake. Linali la mtsikana wamasiye amene iye sankamudziwa ndi nkhope yomwe, ndipo miyeso inadzera kwa mkazi wa rabi. Linali tsiku lokumbukira imfa ya amayi ake omubereka, limene Ayuda amalitcha yahrzeit. Atayatsa kandulo yoyaka usiku ndi usana, anapatula ndalama za diresilo m'dzina la malemuwo. Kuthandiza mkwatibwi wosauka kumatchedwa hachnasat kallah, ndipo m'pemphero lam'mawa kumatchulidwa moyandikana ndi kuperekeza maliro.

Mwambowu unabwera ndi Ayuda, ambiri a iwo ochokera ku Lithuania, amene anakhamukira ku Johannesburg golide atapezeka m'chaka cha 1886. Mu 1888 anakhazikitsa Chevrah Kadisha, bungwe loika maliro, lomwe mpaka lero limasamaliranso okalamba ndi mabanja osowa. Mlendo wosauka m'masiku amenewo ankaopa kufa wopanda womuika, ankaopanso kulephera kukwatitsa mwana wake.

Mantha oyambawo telalayo ankawadziwa bwino. Amalawi a ku Joni amasonkha ndalama kuti thupi la mnzawo lidzadutse Beitbridge ndi Mwanza, likagone kumudzi, pakuti maliro n'kulirana. Ankadziwanso sadaka ndi chiliza: matumba a simenti, mbuzi, mowa, ndi khamu lodya n'kubalalika. Chachilendo kwa iye chinali chinsinsi. Paukwati wakumudzi, nthawi ya perekaniperekani, wopereka amatchulidwa dzina, ndalama n'kuwerengedwa poyera, motero banja losauka limaonekera m'mbale. Koma Maimonides, mphunzitsi wachiyuda amene anamwalira mu 1204, anaika pamalo apamwamba mphatso imene wopereka ndi wolandira sadziwana. Mtsikana uja anakwatiwa ngati anzake onse, popanda woti amugwadire pothokoza.

Nkhaniyi inamusautsa telalayo chifukwa ankasunga ndalama zomangira chiliza cha bambo ake, pamene mwana wa mlongo wake anali atachita chinkhoswe zaka ziwiri zapitazo, ukwati n'kumangozengereza chifukwa chosowa. Monga mwini mbumba, udindo wa mtsikanayo unali pamutu pake. Ankadziwanso kuti abale a bambo ake adzati wanyoza manda, ndipo mawu otere satha msanga m'mudzi.

Anatumiza ndalamazo kwa mlongo wake, namupempha kuti dzina lake lisamveke pa perekaniperekani, koma mkwatibwi auzidwe kuti mphatsoyo ndi ya agogo ake. Chiliza anati adzamanga chaka chinacho. Akuluakulu ena anang'ung'udza, ndipo mmodzi samuyankhulabe. Mwana woyamba wa banjalo atabadwa, anamutcha dzina la malemuwo.