Chopondera cha m'nsapato chimayesedwa ndi katundu

Phazi la munthu lili ndi mafupa 26, ndipo pakati pake ndi lopindika ngati uta. Utawu umatsika pang'ono tikaponda, n'kubwerera tikanyamula phazi. Ambiri amene mapazi awo ndi aphwatalala samva ululu uliwonse, koma mng'ono wanga wa Fomu 2 anali wa gulu linalo. Akafika kuchokera kusukulu ankakhala pakhonde n'kumasisita chidendene, mpira anausiya, ndipo m'kalasi anayamba kumutcha waulesi.

Kuchipatala anamukonzera chopondera cha phazi lake lokha. Anaumba phazilo ndi chikhakha, anatenthetsa pulasitiki ya polypropylene mu uvuni mpaka itafewa, n'kuikuta pa chikombolecho. Chimene chinandikoka mtima ine ndi kuyesa kwake. Katswiriyo anaika choponderacho patebulo, anadinikiza pa uta ndi chala chachikulu, kenako anati, "Iwe, taimirira apa, yenda ukafike pachitseko." Anafuna kuona ngati utawo ukugonja pang'ono n'kubwerera, kapena ukuphwanyikira pansi.

Ofufuza amachita zomwezo ndi makina. Makinawo amadinikiza ndi mphamvu yodziwika, n'kuwerenga mamilimita amene chopondera chatsika, ndipo ena amabwereza kambirimbiri kuti aone ngati chitope. Chifukwa chake n'chakuti phazi silinyamula thupi lokha. Poyenda, mphamvu yoponda imaposa pang'ono kulemera kwa munthu, ndipo pothamanga imafika kawiri kapena katatu. Mwana wa makilogalamu 50 akamathamanga, choponderacho chimalandira katundu ngati wa matumba awiri kapena atatu a chimanga.

Kuchindikala nako kuli ndi masamu ake. Pulasitiki yafulati mukaichindikalitsa kawiri, kulimba kwake popinda kumachuluka ka 8. N'chifukwa chake kusiyana kwa mamilimita 3 ndi 4, kumene diso silikuona bwino, phazi limakumva. Chikafewetsa sichichirikiza kanthu. Chikalimbitsa chimatikita pakhungu mpaka matuza, ndipo kwa munthu wa matenda a shuga amene phazi lake lachita dzanzi, thuza limodzi likhoza kusanduka chilonda chovuta kupola. Chopondera chogula pamsika, chimene sichinayesedwe pa phazi lanu, ndi mwayi chabe chikakukwanani.

Thandizo lotere lilipo m'dziko muno. Pachipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha Mzuzu Central pali malo okonzera miyendo yochita kupanga ndi zochirikiza mapazi, ndipo Beit CURE ku Blantyre imathandiza ana a mavuto a mafupa kuyambira 2002.

Anzanga ophunzira zauphunzitsi, posachedwa tidzakhala ndi kaundula m'manja. Mwana akamachedwa tsiku ndi tsiku kapena akamazemba masewera, tisanamupatse chibalo tiyang'ane nsapato zake. Ngati zikutha mbali imodzi ndipo iye akudandaula ululu, tiitane makolo tiwauze kumene angapite naye.