Mwini bokosi lopanda loko watisiya

Ife amene tinayamba kabaza ku Salima njinga zamoto zisanadzaze misewu tatsala owerengeka. Chaka chino tachepanso, pakuti taika m'manda mkulu wathu wa pa siteji ya pa Kamuzu Road. Dzina lawo sinditchula. Eni akewo sankakonda kutchuka, ndipo aliyense amene anaphulikirapo tayala pamenepo akudziwa amene ndikunena.

Achimwene, monga tinkawatchulira tonse, anali okonza njinga pansi pa mtengo wa mango. Chuma chawo chinali bokosi lamatabwa: masipanala, pampu, sulushoni, chitini cha girizi ndi machubu akale odulako zigamba. Bokosilo linalibe loko. Akapita kumaliro kapena kumunda ankalisiya pomwepo, nati, "Wovutika atsegule, akamaliza abwezeremo." Sindinamvepo kuti sipanala yasowa.

Ndikatseka maso ndimawaona atagadabuza njinga ya Humber, chishalo pansi, akuzunguza limu pang'onopang'ono chala chili pambali pake. Ankagogoda masipoko ndi sipanala, khutu lili tcheru. Sipoko yolefuka ankaidziwa ndi kalilidwe kake. Akamaliza, mnyamata n'kuyamba kupisa m'thumba mwamanyazi, iwo ankangoti, "Pita kaye ukanyamule anthu, mphwanga. Ukadya iwe, ndidzadya ine."

Anyamata ambiri ankafika kuchokera ku Khombedza, ku Chipoka ndi ku Lifuwu ali manjamanja, sukulu itawakanika chifukwa cha fizi. Achimwene ankatola mafelemu otayidwa a Hero ndi Phoenix, n'kugula tcheni apa, foloko apo, mpaka njinga itaimirira. Ankamangirira kusheni pakaliyala, n'kumupatsa mnyamatayo kuti azipalasa kufikira atagula yakeyake. Akagula, njinga ija inkapita kwa wina. Pali abambo lero amene aphunzitsa ana ndi kukhoma malata, chiyambi chawo chili njinga yamatenthatentha ya pansi pa mango paja.

Mtima wawo tinauona bwino pa njala ya 2002. Anthu ankadya gaga ndi nyika, ndipo wokwera kabaza anasowa, pakuti ndalama iliyonse inkapita ku chimanga. Ife amene tinkapalasa mimba ili pululu tinkachita chizungulire pa msewu wa ku Senga Bay, ulendo wa makilomita pafupifupi 20. Achimwene anagulitsa njinga yawo yabwino, n'kugula thumba la chimanga, ndipo akazi awo ankaphika phala pa siteji m'mawa uliwonse. Ndiwonso anaika lamulo lakuti mayi woyembekezera kapena mwana wodwala malungo tizimunyamula kupita naye kuchipatala ngakhale pakati pa usiku, za ndalama tikakambirane akachira. Thumba la maliro limene tinkasonkhamo Loweruka lililonse anayambitsa ndi iwo, ndipo thumba lomwelo ndi limene lawagulira bokosi lawo lomaliza.

Ena ankawanena kuti adzafa osauka. Iwo ankayankha kuti kupatsa n'kuika. Zoonadi sanasiye nyumba yaikulu kapena galimoto. Koma tsiku lowaperekeza njinga zinandanda kuchokera kusiwa mpaka kumanda, mabelu akulira, amuna aakuluakulu akupalasa misozi ili mbwembwembwe. Kunabweranso a njinga zamoto, amene ambiri a iwo anayambira m'manja mwa malemu.

Chimene chikundiwawa n'chakuti khalidwe lija likutha ife tikuona. Zinthu zinadula, makamaka ndalama ya kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo tayala ndi chubu sizigulika ngati kale. Lero kupopa kokha n'kolipira. Mnyamata watsopano akafika pa siteji amamuona ngati wodzalanda makasitomala. Komatu umphawi si wachilendo. Mu 2002 tinali osauka kuposa lero, koma palibe amene anagona m'njira chifukwa chosowa chigamba.

Ana anga a kabaza, a njinga yopalasa ndi yamoto yomwe, misozi yokha sikwanira kulira munthu ngati uyu. Mukapeza mnzanu akukankha njinga, imani. Musalole thumba la maliro kufa, ndipo amayi amene ankatiphikira phala aja muziwayendera. Achimwene, usani mumtendere.