Datsun Ikayamba Kukukuta Mano, Kwelani Basi ya ku Kopala

Ngati Datsun 1200 ya amdala anu ikukuta mano polowa giya yachiwili, musathamangile kuigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha. Kambili vuto ni sinkro chabe, ka ling'i ka brasi kamene kadyeka.

Yambilani ku Kitwe. Pa Chisokone funsani chabe njila, chifukwa chuma chili m'magalaji a ku industrial, kumene magiyabokosi agona mu oilo yakuda monga nkhumba m'matope. Koma musakambe kuti "Datsun", anyamata azakusekani. Kambani Nissan 1400. Ni banja limodzi, ndipo ku South Africa anaipanga mpaka 2008, ndiye maspea ake akali kupezeka.

Nyamulani ka sinkro kakale m'thumba. Welengani mano ake, mukalinganize na kamene akupatsani. Uja wokamba kuti "cimo cine, ba bosi" sazakhalapo motoka ikakana pa Kapiri usiku.

Chinyanja chingakwezetse mtengo, choncho phunzilani kufunsa "ni shinga?" nkhope ili gwa. Kitwe ikakana, Ndola ili pafupifupi makilomita 60 chabe. Kayeseni ku Masala.