Fomu ikakana dzina lako

Lero ndilemba za makompyuta. Amene nkhani zoterezi zimakupatsani tulo mundikhululukire, koma musathawe msanga, chifukwa pakati pake pali dzina lanu lomwe.

Mukadzaza fomu pa intaneti n'kudina batani lotumizira, chimene chimachoka pa foni yanu si fomu yokongola ija ayi. Ndi kakalata chabe, kamene a makompyuta amati request, ine ndizingoti pempho. Mzere woyamba umanena chimene mukufuna: GET ngati mukungofuna kuona tsamba, POST ngati mwanyamula zinthu zoti mukasiye kumeneko. Pansi pake pamabwera mizere ina yotchedwa header, yonena dzina la malo amene mukupita, mtundu wa foni kapena browser yanu, chilankhulo chimene mumakonda, ndi zina zotero. Kenako mzere wopanda kanthu, kenako katundu weniweni, ndiye kuti dzina lanu, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni. Dongosolo limeneli ndi HTTP, lomwe anayambitsa Tim Berners-Lee ku CERN cha m'ma 1990. Masiku ano kalatayi imayenda itabisidwa kuti wapanjira asawerenge, koma ikafika n'kutsegulidwa, zigawo zake ndi zomwezi.

Funso limene limandisangalatsa ine ndi lakuti, kalata ija ikafika pa seva, pulogalamu yoilandira imaigwira bwanji? Imaiika m'chiyani? Zikuoneka ngati nkhani ya akatswiri okhaokha, koma anthu akhala akukangana za zimenezi kwa zaka zoposa makumi atatu, ndipo akasankha molakwika ovutika timakhala ife a kumudzi kuno.

Njira yakale, ya CGI, inayamba mu 1993. Seva inkang'amba kalata ija m'tizidutswa, n'kupachika chidutswa chilichonse pa msomali wakewake: REQUEST_METHOD, QUERY_STRING, REMOTE_ADDR. Pulogalamu inkadzuka, n'kuwerenga pa misomalipo, n'kuyankha, n'kufa. Pempho lina likabwera inkadzukanso ngati sinaonepo munthu. Kenako kunabwera PHP ya Rasmus Lerdorf mu 1995, ndipo inkafuna kuchitira chifundo ophunzira kumene. Inali ndi chinthu chotchedwa register_globals. Chilichonse chimene mlendo walemba pa fomu kapena kumapeto kwa adiresi chinkangosanduka variable mkati mwa pulogalamu, osagogoda n'komwe.

Ana anga a kalabu ya kompyuta ndimawafotokozera chonchi. Tiyerekeze kuti pulogalamu ya sukulu ili ndi variable yotchedwa $walipira, imene imakhala 1 ngati mwana wamaliza fizi, ndipo wolemba pulogalamu sanaipatse mtengo woyambira. Mnyamata wochenjera amangowonjezera ?walipira=1 kumapeto kwa adiresi, basi, fizi yatha. Mawu a mlendo asakanikirana ndi mawu a mwini nyumba, ndipo palibe amene angasiyanitsenso. A PHP anachizimitsa chinthuchi mu 2002, n'kuchichotseratu mu 2012. M'malo mwake zochokera kunja zinayamba kukhala m'mabokosi awoawo, $_GET ndi $_POST, kuti aliyense akamatapamo azidziwa kuti akutapa za mlendo.

Ena anapitirira pamenepo. Anati pempho lonse likhale chinthu chimodzi, envelopu imodzi yoperekedwa pamanja kwa amene akuyankha. Mu Django, yomwe inatuluka mu 2005, ntchito iliyonse yoyankha imalandira request ngati chinthu choyamba, ndipo ukafuna dzina umanena request.POST, ukafuna kudziwa njira umanena request.method. Ruby on Rails ya 2004 ili ndi request ndi params. Tisaganize kuti izi n'za kunja kokha. A Baobab Health, amene anayamba kuika makompyuta ongokhudza ndi chala pa chipatala chachikulu cha ku Lilongwe mu 2001, anadzalemba mapulogalamu awo a odwala mu Rails yomweyi. Ndiye ngati munaonapo kalaliki akudina galasi n'kumata kapepala ka mizeremizere pa buku lanu la kuchipatala m'zaka zimenezo, dziwani kuti dzina lanu linayenda m'pempho lotere.

Ine ndili kumbali ya envelopu imodziyi, ndipo ndimagwirizananso ndi zimene a PHP anavomereza mu 2015 pa PSR-7, zoti pempho lisamasinthidwe likafika. Ukafuna kusintha kanthu umapanga kope lina, loyamba lija likhale momwe linabwerera. Ife a ku Mchinji izi sitikufunika kuphunzitsidwa. Pa chipata cha Mwami, chimene mu Disembala 2022 chinatsegulidwa ngati malo amodzi ochitira zonse za mayiko awiri, wa imigireshoni amatenga pasipoti yako, amaiwerenga, amadinda kapena kukana. Satenga cholembera n'kuyamba kukonza dzina lako kuti limukomere iye.

Tsopano ndifike pa mayina, pamene mtima wanga uli.

Chichewa chili ndi kachizindikiro kaja ka m'mwamba ka mu ng'ombe, ng'ona, Ng'oma. Si chokongoletsera ayi. Ng'oma ndi Ngoma zimamveka mosiyana, ndipo ndi mabanja awiri osiyana. Foni ikamatumiza fomu, kachizindikiroka imakalemba %27, ndiye Ng'oma amayenda ngati Ng%27oma, ndipo seva yabwino imamubweza mwakale akafika. Vuto ndi lakuti m'chilankhulo cha SQL, chimene mapulogalamu amalankhulira ndi nkhokwe ya mayina, kachizindikiro komweka ndi kamene kamatsegula ndi kutseka mawu. Wolemba pulogalamu waulesi akangomata dzina lochokera m'pempho pakati pa lamulo la SQL, nkhokwe imawerenga Ng, imaganiza kuti dzina latha, ndipo oma wotsalayo imamuyesa lamulo. Ikachita mwayi imangogwa. Mbava zimagwiritsa ntchito khomo lomweli kulowetsa malamulo awo, zomwe amati SQL injection.

Mankhwala ake enieni ndi odziwika kalekale. Lamulo lipite palokha ndi mipata yosadzaza, dzina lipite palokha, nkhokwe ilumikize yokha. Amati prepared statement, ndipo si ntchito yoposa mizere iwiri kapena itatu. Koma anthu amakonda chidule. PHP yakale inali ndi magic quotes, imene inkalowetsa kamzere kopendekera patsogolo pa kachizindikiro kotereka pempho likangofika, ndiye munthu n'kutuluka pa pepala ali Ng\'oma. Iyinso inachotsedwa mu 2012. Chidule china, chimene chikadalipo mpaka lero, ndi kungolemba kuti dzina likhale ndi zilembo zokhazokha, A mpaka Z.

Chidule chimenechi ndinachiona chikuluma mwana. Mtsikana wina wa Fomu 4, wanzeru ndithu, ankalembetsa thandizo la fizi ku bungwe lina kudzera pa foni yanga. Dzina la bambo ake lili ndi ng' ameneyu. Fomu inakana katatu, ikuti dzina ndi lolakwika. Tangoganizani, makina akuuza mwana kuti dzina la bambo ake ndi lolakwika! Tsiku lomaliza linali lomwelo, ndiye analichotsa kachizindikiro kaja n'kutumiza. Patapita masabata anamuuza kuti dzina la pa fomu silikufanana ndi la pa chitupa cha unzika, abweretse kalata yotsimikiza kuti ndi munthu mmodzi. Anayenda kwa amfumu, anayenda ku boma, ndalama ya kabaza inachoka pa ya ufa. Zinatheka pomaliza, koma teremu inali itapita pakati. Amene analemba mzere umodzi wa A mpaka Z uja, kaya ali ku Lilongwe kaya ku London, sadzamva n'komwe.

Pali kena kamene ambiri sakudziwa. Zizindikiro za m'mwambazi zilipo ziwiri, chowongoka ndi chopindika. Mafoni ena ndi Microsoft Word amasintha okha chowongoka kukhala chopindika kuti zioneke bwino. Kwa diso lathu n'chimodzimodzi, koma m'pempho chopindikacho chimayenda ngati %E2%80%99. Ndiye mwana alembetse pa foni, mphunzitsi amufufuze pa kompyuta, makina n'kunena kuti kulibe munthu wotere. Apa m'pamene kusunga pempho momwe linabwerera kumathandiza. Pofufuza, pulogalamu ifananize ziwirizo pa kope, koma zimene munthu analemba zikhalepobe kuti pakabuka mlandu pakhale poyang'ana.

Za ŵ wa mu Malaŵi ndingodutsa mwachangu. Mu UTF-8 chilembochi ndi ma byte awiri, %C5%B5. Seva ikawerenga ndi tebulo lakale la zilembo za ku Ulaya, mumaona MalaÅµi. Munaonapo zimenezi eti? Foni yanu sikuti yawonongeka.

Chinanso chimene ife a m'malire timachidziwa bwino ndi chakuti pempho limanena zambiri za munthu zimene sizoona kwenikweni. Limafika ndi adiresi ya IP, ndipo mapulogalamu ambiri amaigwiritsa ntchito kulota dziko limene uli. Koma kuno ambiri ali ndi ma SIM awiri, ya +265 ndi ya +260, chifukwa m'midzi ina ya kufupi ndi malire netiweki ya ku Zambia ndiyo imagwira bwino, ndipo achibale ndi msika zili mbali ya Chipata. Mwana ali pakhonde la agogo ake m'Malawi muno, koma seva ikumuona ali ku Zambia, ndipo tsamba lina lingamutsekere kapena kumuonetsa mitengo ya kwacha ya eni ake. Komanso makampani a mafoni amatulutsa anthu ambirimbiri pa adiresi imodzi, ndiye pulogalamu yoti adiresi imodzi ilembetse kamodzi ikhoza kutsekera kalasi yonse chifukwa cha mwana woyamba. Ukafuna kudziwa kumene munthu amakhala, mufunse pa fomupo.

Chimene chimandiseketsa ndi header ya Accept-Language. Chizindikiro cha chilankhulo chathu kumeneko ndi ny, ndipo n'chimodzi chomwecho kwa Chichewa cha ku Mchinji ndi Chinyanja cha ku Chipata. Pa zilembo ziwiri zokhazi makina anaiwala malire. Koma poti mafoni athu ambiri anatcheredwa m'Chingerezi kuchokera kusitolo, pempho limanena en, ndiye wowerengera alendo a tsamba lake angaganize kuti kuno olankhula Chichewa kulibe.

Pomaliza pali vuto la netiweki yathu yozengereza. Mwana wadina batani, kanthu kaja kakungozungulira, sakudziwa ngati zapita. Amadinanso, amadinanso kachitatu. HTTP payokha sikumbukira kuti yakuonapo kale, pempho lililonse limafika ngati mlendo watsopano, ndiye seva ikhoza kulandira ma POST atatu ofanana n'kulemba mwana mmodzi katatu. Ikakhala ndalama, ndiye kulipira katatu. Ana anga ndimawaphunzitsa kubisa nambala yapadera mu fomu iliyonse pamene ikutsegulidwa. Pempho likafika, pulogalamu iyambe yaona ngati nambalayo yagwirapo kale ntchito. Ngati inde, isalembenso, ingobweza yankho loyamba lija.

Ku kalabu tili ndi makompyuta ochepa ndipo magetsi amabwera mwa kufuna kwawo, ndiye zambiri timachitira pa bolodi ndi choko. Mmodzi amalemba pempho, mzere ndi mzere, wina amakhala seva n'kulilandira, ena onse amayesa kumunamiza. Teremu ino tili ndi mndandanda wa mayina oyesera fomu iliyonse imene talemba: la ng' wowongoka, la ng' wopindika, la ŵ, la mawu awiri, ndi nambala ya foni yoyamba ndi +260. Fomu ikakana limodzi mwa amenewa, mwini wake amabwerera nayo ku desiki.